Masiku asanu ndi limodzi ku Bermondsey, m'mapazi mwa azamba ndi oyendera ukhondo

Lolemba, Jamaica Road

Ndatuluka pa siteshoni ya Bermondsey, mu mzinda wa London, cha m'ma 10 koloko, kamvula kakuwaza, mphepo ya kumtsinje ikulowa mpaka m'mafupa. Novembala wa kuno dzuwa limalowa 4 koloko itangopitirira, ndiye woyenda wapansi azilawira. M'basi salandira ndalama ya pamanja. Umagunditsa khadi, £1.75 yapita, koma ukasintha basi ola lisanathe sakudulanso.

Kuyambira 1900 mpaka 1965 Bermondsey inali ndi khonsolo yakeyake, imodzi mwa makhonsolo 28 a m'kati mwa London omwe eni ake amawatchula kuti borough. Dera lake linkayambira pa London Bridge, kutsata gombe la kumwera la Thames mpaka ku madoko a Rotherhithe. Kunali kwa anthu ofufuta zikopa, ophika mabisiketi a Peek Frean ndi jamu wa Hartley, otsitsa katundu m'zombo. Pa 7 Seputembala 1940 ndege za Germany zidayatsa madoko a Surrey ku Rotherhithe komweko, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse pomatha mu 1945 nyumba zambiri zinali mabwinja, zotsalazo madenga akudontha. Chomwe ndadzera n'chakuti ndione mmene khonsolo yotere inkasungira amayi ndi makanda amoyo pakati pa zigumukirezo.

Agogo ena okoka kangolo kogulira zinthu andiona ndikuzungulira pamodzimodzi ndi foni m'manja. Sadangoloza njira ayi, andiperekeza mpaka pa khoma la mtsinje pomwe pali ziboliboli za banja la a Salter. Dokotala Alfred Salter wakhala pansi akukweza dzanja, mayi Ada Salter agwira fosholo, kamwana kawo Joyce katsamira khoma, mphaka ali pamwamba. Mwanayo adamwalira mu 1910 ali ndi zaka 8, ndi matenda a scarlet fever omwe ankasesa ana m'tinjira ta kuno. Ada adakhala meya mu 1922, mayi woyamba kukhala meya wa khonsolo mu London. Iye adatisiya mu 1942, mwamuna wake mu 1945, kotero Bermondsey ya pambuyo pa nkhondo inkadya zomwe awiriwa ndi anzawo adadzala kale.

Ndabwerera kudzera pa Wilson Grove, tinyumba ta timinda kutsogolo tomwe khonsolo idamanga m'ma 1920 itagwetsa zisakasa. Nsapato zanyowa. Mawa ndivala masokosi awiri.

Lachiwiri, Euston Road

Lero ndatha tsiku nditakhala pansi, ndipo miyendo yathokoza. Laibulale ya Wellcome Collection kulowa ndi ulele, ndipo ili ndi malipoti a pachaka a madokotala akuluakulu a makhonsolo a London kuyambira 1848 mpaka 1972. Adawaikanso pa intaneti, woti muli ku Zomba mutha kuwawerenga. Khonsolo iliyonse inkalemba dokotala wotere, Medical Officer of Health, ndipo lipoti lake limawerenga chilichonse: obadwa, omwalira, zimbudzi zokonzedwa, makoswe, mabotolo a mkaka opimidwa.

Nambala yomwe onse ankayang'ana poyamba ndi ya makanda omwalira asanakwanitse chaka. Ku England ndi Wales, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, oposa 150 ankamwalira cha m'ma 1900. Mu 1945 anali 46, mu 1948 anali 34, mu 1950 pafupifupi 30. Amayi omwalira pa uchembere anali 4 mwa 1,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo pofika 1950 sankakwana ndi mmodzi yemwe. Tisanamizane kuti zonsezi ndi ntchito ya sikelo. Imfa za amayi zidagwa makamaka chifukwa cha mankhwala a sulfa omwe Leonard Colebrook adawayesa pa chipatala cha Queen Charlotte mu 1936, kenaka penisilini, kuthira magazi, ndi ergometrine wokhwimitsa chiberekero. Gawo la khonsolo linali lina: kupeza mayiyo nthawi ikadalipo ndi kusamusiya kuti asowe.

Chida chake chinali kakhadi. Mwana akabadwa, lamulo linkati dokotala wa khonsolo adziwitsidwe pasanathe maola 36. Uku sikulembetsa kubadwa kwa mwana kuboma, komwe kunkatha kudikira milungu 6. Kakhadiko kankafika kwa namwino woyendera makomo, health visitor, yemwe ankagogoda pakhomo mzamba akangomaliza masiku ake. Kuyambira 1944 pa khadipo ankalembaponso kulemera kwa mwana ngati sadapitirire mapaundi 5 ndi theka, omwe ndi makilogalamu 2.5, kuti wonyentchera adziwike tsiku lomwelo.

Kenaka padafika pa 5 Julaye 1948, tsiku loyamba la NHS, ndondomeko ya boma ya zaumoyo ya dziko lonse. Chithandizo chidakhala chaulele, inde, koma ntchito idang'ambidwa patatu. Zipatala zidapita ku mabodi a zigawo. Madokotala a m'makwalala adakhala ndi makomiti awoawo. Sikelo ndi anamwino oyendera makomo, zomwe Bermondsey inkanyadira, zidatengedwa ndi London County Council, khonsolo yaikulu yoyang'anira London yense, yomwe inali kale ndi azamba a m'makomo. Khonsolo ya Bermondsey idatsala ndi ngalande, chakudya, nsikidzi ndi makoswe. Mayi mmodzi ankatha kupimidwa ndi anthu atatu osaonerana zolemba, aliyense akuganiza kuti magazi wayeza mnzake. Lipoti la Cranbrook la 1959 lidalimbikitsa khadi loti mayi aziyenda nalo yekha, onse azilemba momwemo. Ndaseka ndekha m'laibulale: ndi kabuku ka kuchipatala kaja amayi athu amakakulunga m'jumbo.

Tiyi wa m'kapu ya pepala m'dera lino wadutsa mapaundi awiri. Ndamwa pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Lachitatu, Grange Road

Basi nambala 78 yanditsitsa pafupi ndi nyumba ya zaumoyo yomwe khonsolo idatsegula mu 1936. Chinyumba cha njerwa, chilipobe. Ndaima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali mpaka bambo wina wosesa wandifunsa ngati ndasochera.

Pa Grange Road pomwepa khonsolo idayamba mu 1926 kuwotcha anthu ndi dzuwa la magetsi. Utsi wa malasha unkaphimba dzuwa lenileni, ana n'kumakula miyendo ya matewe posowa vitamini D. Ankawavula n'kutsala ndi kabudula wamkati, kuwaveka magalasi akuda, kuwazunguliritsa nyali yotulutsa cheza chomwe chimapangitsa khungu kupanga vitaminiyo. Ankayamba ndi mphindi zochepa n'kumaonjezera ulendo uliwonse. Ukafulumira khungu limapsa, magalasi akasendemuka maso amafiira usiku wonse. Odwala chifuwa chachikulu cha m'mafupa ena ankatumizidwa ku Leysin ku Switzerland, ndipo amayi otopa ndi uchembere ankapita kukapuma ku Fairby Grange ku Kent.

Sikelo ya amayi oyembekezera inali ndi ndondomeko yochokera ku unduna mu 1929: kubwera pa milungu 16, kenaka 24 ndi 28, kuchoka apo milungu iwiri iliyonse mpaka 36, kenaka mlungu ndi mlungu. Ulendo uliwonse kukwera sikelo, kuyeza kuthamanga kwa magazi, kukanikiza akakolo kuona ngati chala chikusiya dzenje, kupapasa mimba, kumvetsera mtima wa mwana ndi kachitoliro ka Pinard. Magazi ankawayeza kuchuluka kwake, chindoko, ndi gulu la Rhesus.

Kuyeza mkodzo ndiko kwandigwira mtima, chifukwa kunalibe timapepala toviika tija. Umathira mkodzo m'kabotolo kagalasi kataliko mpaka kupitirira theka. Umakapendeketsa pa kanyali ka spiriti n'kuwiritsa cha pamwamba pokha, pansi posafika moto, kuti ukhale ndi pofanizira. Pamwambapo pakachita mtambo woyera umadonthezamo madontho awiri kapena atatu a asidi wa viniga. Mtambo ukasungunuka, inali michere chabe. Ukakhalabe, ndi puloteni, ndipo ngati magazi akuthamanga, miyendo yatupa, mutu ukuwawa, mayiyo ali panjira yokakomoka ngati wakhunyu. Zolakwika zinali zodziwika: kuiwala asidi n'kuopseza mayi wabwinobwino, kapena kulandira mkodzo wobwera m'botolo losatsuka bwino la kunyumba.

Potuluka mayi ankadzera pa tebulo la zakudya. Woyembekezera anali ndi buku lobiriwira la chakudya chogawidwa, lomupatsa painti ya mkaka patsiku pamtengo wotsika, ndiye pang'ono kupitirira theka la lita, ndi mapilisi a vitamini A ndi D. Ana ankalandira mafuta a chiwindi cha nsomba, supuni yaing'ono patsiku, ndi madzi a malalanje okhathamira oti asungunulidwe. Malalanje ankatha msanga. Mafuta a nsomba ankatsalira m'mashelefu, ndipo amene adawalawapo sangadabwe. Kunalinso mkaka wa ufa wa boma, National Dried Milk, m'zitini. Muyeso wake unali kasupuni kamodzi kosadzaza mulu pa aunsi imodzi ya madzi owiritsa. Mayi wachikondi ankaunjika mulu kuti mwana anenepe, mwana n'kumva ludzu, kulira, n'kupatsidwanso mkaka womwewo. Botolo la khosi lopapatiza losalowa burashi ndilo linkabweretsa kutsegula m'mimba. Boma nalo lidalakwitsapo: vitamini D adachuluka m'mkaka, m'phala ndi m'mafuta nthawi imodzi, makanda ena n'kumasanza ndi kusakula chifukwa cha kashiamu wochuluka m'magazi, mpaka muyeso udatsitsidwa mu 1957.

Nkhomaliro ndadyera kwa M. Manze pa Tower Bridge Road: chitumbuwa cha nyama yogaya, mbatata yakachewere yoponda, ndi msuzi wobiriwira wa masamba a parsley. Mayi wokhala naye benchi wandisunthira botolo la viniga wa tsabola osanena kanthu. Adadziwa. Popanda viniga uja chakudyachi chilibe mlandu ndi munthu.

Lachinayi, Rotherhithe

Ndayenda wapansi kudutsa Southwark Park mpaka Lower Road, pomwe panali chipatala cha St Olave's. Chidatsekedwa m'ma 1980. Amayi ambiri a dera lino ankachirira pano kapena ku chipatala cha Guy's, koma mabedi sankakwana, poti wochira ankagona masiku 10 ndipo nkhondo itatha ana adabadwa ngati ngumbi. M'zaka za m'ma 1950 mwana mmodzi mwa atatu m'dziko lino ankabadwira pakhomo.

Tisasokoneze: mzamba wa kuno sanali wa m'mudzi wophunzira kwa agogo ake. Chiyambire lamulo la 1902 ankayenera kukhala m'kaundula wa bungwe loyang'anira azamba la Central Midwives Board, ndipo lamulo la 1936 lidamuika pa malipiro a mwezi. Asanavomere kuti mayi achirire pakhomo ankayamba wakaona nyumbayo. Madzi ali pati? Chimbudzi n'cha mabanja angati? Kodi pali chipinda choti ana ena atulutsidwemo? Moto ungayake m'chipinda chogona? Nyumba ikalephera, ankalemba kuti mayi apatsidwe bedi kuchipatala chifukwa cha kakhalidwe, osati matenda. Oyenera bedi ena anali wa mimba yoyamba, wopitirira zaka 35, wa mwana wachisanu kupita m'tsogolo, ndi amene adavutikapo kale. Vuto linali pa ntchembere za ana asanuzo. Ndizo zinkakana chipatala, zati tidazolowera ndipo ana atsala ndi yani, chonsecho ndizo zimataya magazi kwambiri chiberekero chikatopa. Kafukufuku wachinsinsi wa imfa za amayi yemwe adayamba mu 1952 ankabwereza mfundo imeneyi: mayi adalembedwa malo olakwika.

Banja linkauzidwa zosonkhanitsa: manyuzipepala ambiri ndi pepala lolimba lofundika pansi, pulasitiki kapena labala ya pa matiresi, mabeseni awiri, ndowa, ketulo, malasha okwana usiku wonse, ndi makobidi a m'mita ya gasi kapena magetsi, kuti nyali isazime mutu wa mwana ukutuluka. Kabedi ka mwana kakasowa, dirowa ya kabati inkakwana. Phukusi lophikidwa kale la thonje, nsalu ndi ulusi womangira mchombo linkaperekedwa ulele.

Matenda akayamba, bambo ankathamangira ku foni ya pamsewu kapena kukagogoda kwa mzamba, iye n'kubwera pa njinga yakapalasa. Chothetsa ululu chinali makina a Minnitt, osakaniza gasi wa nitrous oxide ndi mpweya wamba, mayi akudzigwirira yekha chophimba kumaso. Nzeru yake inali yakuti akayamba kugona dzanja limagwa, gasi n'kuleka. Choipa chake, theka la chomwe akupuma likakhala gasi, okosijeni amachepa kwa mayi ndi mwana yemwe, makamaka makina akakhala osakonzedwa. N'chifukwa chake m'ma 1960 adasinthira ku Entonox, theka gasi theka okosijeni. Jakisoni wothetsa ululu wa pethidine azamba adaloledwa kubaya okha kuyambira 1950, koma ukabaya mwana ali pafupi kubadwa amatuluka waulesi kupuma.

Magazi akayamba kutayika, kapena nsengwa ikakana kutuluka, lamulo linali lakuti usanyamule mayi wofooka kutsika naye masitepe. Umasisita chiberekero kuti chilimbe, kubaya ergometrine, kukweza kumiyendo kwa bedi, n'kuitana gulu lothamanga la kuchipatala lomwe linkabwera ndi dokotala ndi mabotolo a magazi a O negative. Ankamuthira magazi pabedi pake pomwepo, kuyenda pambuyo.

Chikuta chinali masiku 14. Mzamba ankabwera kawiri patsiku masiku atatu oyamba, kenaka kamodzi, kuyeza kutentha kwa thupi, kupapasa ngati chiberekero chikutsika, kuona mchombo ndi maso a mwana. Thupi likafika madigiri 38 zinkayenera kukanenedwa kwa dokotala wa khonsolo. Wobadwa masiku asanakwane ankabwerekedwa kabedi kotchinga mphepo ndi mabotolo a madzi otentha. Mdani wamkulu m'nyengo ngati ino anali chipinda chozizira: khanda lozizidwa sililira, masaya amafiira ngati lathanzi, limangoleka kuyamwa. Ndazimvetsa bwino nditaima pa King's Stairs zala zitauma.

Kwada ndili m'tinjira ta pakati pa nyumba zakale zosungiramo katundu. Ndivomere, ndinafulumiza mwendo.

Lachisanu, Pine Street, Finsbury

Ndaoloka mtsinje kukaona khonsolo ina, poti nyumba ya zaumoyo ya Finsbury, ya mu 1938, yojambulidwa ndi Berthold Lubetkin, idakali kugwira ntchito. Onse amajambula khoma la njerwa zagalasi kumaso kwake. Ine ndimafuna kunsi, komwe kunali malo osambitsira anthu ndi ophikira zofunda.

Nkhondo idasiya mphere paliponse chifukwa chogona mothithikana m'maenje obisalamo. Kachitidwe kake: kusamba madzi otentha ndi sopo, kupukuta, kenaka kupakidwa benzyl benzoate wa 25 peresenti ndi burashi kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, osadumpha m'mipata ya zala, m'zigongono, m'khwapa ndi kumalo obisika. Umadikira aume, kuvala, osasamba tsiku lathunthu, n'kubweranso kachiwiri. Kulephera kunkachokera pawiri. Kuchiza mwana wa sukulu yekha n'kusiya a m'nyumba mwake, pakatha milungu wabwereranso. Kapena munthu kuona kuti kuyabwa sikudathe, pomwe kumatha milungu ngakhale tizilombo titafa, n'kumadzipakabe mpaka khungu kutupa ndi mankhwalawo. Kenneth Mellanby adaonetsa ku Sheffield nthawi ya nkhondo kuti mphere imayenda khungu ndi khungu, zofunda sizitengako mbali kwenikweni. Komabe makhonsolo ambiri adapitiriza kuphika mabulangete.

Chophikiracho chinali chimgolo chachitsulo cha zitseko ziwiri chomangidwa m'khoma. Zakuda zimalowera chipinda china, zoyera zimatulukira china, ndipo wogwira uku sadutsa kupita uko. Nthunzi imapha nsabwe ndi nsikidzi, koma nsapato ndi malamba achikopa zimakwinyika, ndipo banga la magazi limakhazikika mpaka kale. Nsikidzi za m'makoma ankazipopera DDT wosungunulira m'parafini. Banja losamukira m'nyumba yatsopano ya khonsolo, katundu wake ankayamba watsekeredwa m'galimoto ya gasi wa cyanide, ndipo matiresi sankalowamo chifukwa amasunga gasiyo n'kupha mwini wake usiku.

Pa Exmouth Market chakudya cha m'mbale ya pepala chikuyandikira mapaundi khumi. Ndagula nthochi m'sitolo.

Loweruka, Tooley Street mpaka Spa Road

Tsiku lotsiriza ndi la anthu omwe khonsolo idatsala nawo, oyendera ukhondo. Mpaka 1956 ankatchedwa sanitary inspector. Pa Tooley Street, pomwe lero pali masitolo a Hay's Galleria, zombo zinkatsitsa batala, tchizi, nyama yankhumba ndi tiyi zodyetsa London. Woyendera ankagogoda zitini: yotupa mbali zonse yaola, yolira ngati ng'oma ili ndi mpweya m'kati. Ayisikilimu adamuikira lamulo mu 1947, chaka chimodzi chitachitika chipwirikiti cha taifodi ku Aberystwyth: msakanizo utenthedwe madigiri 66 kwa mphindi 30 kapena 71 kwa mphindi 10, uzizidwe kufika pa 7 pasanathe ola ndi theka.

M'nyumba ankawerenga anthu motsata lamulo la 1936. Chipinda chimodzi anthu awiri, ziwiri atatu, zitatu asanu, zinayi asanu ndi awiri ndi theka. Mwana wosakwana zaka 10 ndi theka la munthu, khanda losakwana chaka siliwerengedwa n'komwe. Chipinda chochezera chimawerengedwa ngati chogona. Muyeso wolekerera chonchi, mabanja ankaupyolabe. Denga likadontha mwininyumba ankalandira kalata yochenjeza, kenaka ya lamulo, kenaka kukhoti, koma mpaka 1954 kukonza kwakukulu kunkafuna chilolezo cha boma chifukwa matabwa ndi zipangizo zinali zosowa, ndiye kalata inkatha kukalamba denga likudonthabe.

Mabomba adaswa mapaipi a zonyansa pansi pa nthaka, makoswe n'kupeza njira yolowera m'makhitchini. Pofufuza, ankatseka paipi n'kupoperamo utsi: pomwe ukufukapo ndi pomwe pasweka. Kupha makoswe a m'ngalande kunkafuna kuleza mtima. Khoswe amakayikira chakudya chachilendo, amalawa pang'ono, akadwala osafa sadzachikhudzanso. Choncho ankaika nyambo yopanda poizoni m'maenje masiku angapo, kulemba momwe yadyedwa, kenaka n'kuthiramo zinc phosphide tsiku lomaliza, ndipo ulendo wotsatira kusintha nyambo ndi poizoni yemwe. Warfarin atabwera m'ma 1950 adapeputsa ntchito poti amapha mochedwa khoswe osazindikira, koma pofika 1958 ku Scotland kudapezeka makoswe osamumva.

Za chifunga cha utsi cha pa 5 mpaka 9 Disembala 1952, chomwe chidapha anthu pafupifupi 4,000 m'masiku ochepa, zidalembedwa kambiri. Chomwe chidagwera oyenderawa ndi lamulo la 1956 lochepetsa utsi: kulowa khomo ndi khomo kuona ziwaya za malasha, ndi kuuza mwininyumba kuti akasintha chiwaya kuika chosatulutsa utsi abwezeredwa magawo 7 mwa 10 a ndalama zake.

Ndathera pa Spa Road, pomwe panali likulu la khonsolo. Nyumba ya maofesi ya zipilala kumaso ija tsopano anthu amagonamo. Ndinawerama kuwerenga zilembo pa chivundikiro chachitsulo cha ngalande m'mbali mwa msewu, ndipo mnyamata wa njinga yoperekera chakudya waima kundifunsa ngati ndagwetsamo makiyi. Ndamuuza kuti ndikungoona. Wandiyang'ana, wayang'ana chivundikirocho, n'kundiuza kuti basi nambala 1 ikwerekera kuseri kwa paki, ndithamange mvula isanakule.